Za chilombo cha pachithunzi chija

Eee, msuweni, ndachiona chithunzi chako, chija ukufunsa kuti ndi kangaude wanji wakupeza kuchipinda kwa agogo. Koma iwe kujambula kwake! Dzanja limanjenjemera eti? Ulendo wina uziika bokosi la machesi pambali, tizidziwa kukula kwake.

Miyendo ndawerenga 10... ayi dikira, ndi 8, ziwiri zakutsogolozo ndi zofufuzira njira. Taona zibwano zikuluzikulu kumutuko, ndi ubweyawo. Si kangaude weniweni ameneyo, ndi wachibale wake chabe, saluka n'komwe ukonde. Azungu amati camel spider. Kukatentha chonchi zimatuluka, usiku zimabwera pamene pali nyali.

Ndi chomwechi chinathamangitsa amalume ku Makawa, chaka cha bwato lobwereka lija. Hahaha, aaa! Dzuwa la Okutobala lili pamutu, iwo aima pamchenga kudikira usipa uume, angoona chinthu chikubwera kumapazi. Asuntha, chitsata. Athamanga, nacho liwiro. Pomwe chinkangofuna mthunzi wawo, chimathawa dzuwa! Bambo wamkulu ndithu, kudumphira pathandala, thandala lomwe phwa, usipa wa eni mbwee mumchenga. Masana onse anathera kutola kamodzikamodzi, ana akuwaimbira m'manja, azakhali atakhala poteropo osawathandiza dala. Mpaka lero amati chinachita kutumidwa, ndipo wotumayo umamudziwa, sindimutchula pagulu pano.

Ndimati chiyani... eya. Chilibe poizoni chimenecho. Ukachigwira chikhoza kuluma, zimapweteka, utsuke ndi sopo basi. Woti uzimuopa ndi kakangaude kakang'ono kofiirira kaja kobisala kunsi kwa mipando, kokhala ndi banga lofiira kumimba, timatumba ta mazira take tili ndi timinga. Ndi chinkhanira, makamaka cha mchira wonenepa. Uzikutumula nsapato m'mawa, neti uziipinda pansi pa matiresi, mwanayo agona bwinobwino.

Ndiye chikwamacho bweza pansi. Ndakudziwa iwe, sukufunsa za kangaude, ukufuna chifukwa chokwerera minibasi ya ku Blantyre chiliza chisanachitike, miphika yonse itsalire ine ngati ulendo uja. Ayi mayi, chilombocho sichikuthamangitsa pakhomo pa agogo.

Wamva? Chilibe poizoni, ukhala mpaka Loweruka. Chitulutse ndi tsache, ndipo uwauze agogo kuti mpunga ndibwera nawo mawa.