Bambo sakumva kupweteka paliponse, nanga warfarin n'ngwachiyani?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti: "Bambo anga ali ndi zaka 72, ali ndi BP komanso shuga. Mwezi watha adokotala anawapeza ndi vuto la mtima lotchedwa atrial fibrillation n'kuwalembera warfarin. Iwo akukana kumwa. Akuti ali bwinobwino, komanso anamva kuti mankhwalawa ndi poizoni wa makoswe. Kodi asipirini amene amamwa kale sangakwane?"

Zikomo mayi. Zamakoswezo bambo sananame. Warfarin anayamba kugulitsidwa mu 1948 ngati mankhwala ophera makoswe, ndipo mu 1954 m'pamene anavomerezedwa ku America kuti azipatsidwa kwa anthu, pa mlingo woyezedwa bwino. Koma pa funso lanu la asipirini sindizungulira ayi: sangakwane.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Munthu akakhala ndi vutoli, zipinda ziwiri zam'mwamba zimasiya kufinya magazi mwamphamvu, zimangonjenjemera. Ndiye magazi ena amatsalira, makamaka m'kathumba kakang'ono kamene kali m'mbali mwa chipinda chakumanzere. Magazi akaima amaundana. Tsiku lina kachidutswa ka magazi oundanawo kamathothoka, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Sitiroko ndi imeneyo. Kwa anthu a vutoli, chiopsezo chake chimakwera pafupifupi kasanu, ndipo sitiroko yochokera mumtima chonchi kawirikawiri imakhala yaikulu, yosiya munthu atafa ziwalo kapena osalankhula.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Warfarin sakonza kagundidwe ka mtima, ndipo munthu akamwa samva kusintha kulikonse m'thupi. Ntchito yake n'kuchedwetsa kuundana kwa magazi basi. Magazi akamaundana m'kathumba kaja sipamveka ululu, choncho mawu akuti "ndili bwinobwino" satiuza kanthu. Ngakhale amene mtima wawo umasokonekera mwa apo ndi apo, chiopsezo amakhala nachobe.

Adokotala sanangolota. Pali kawerengedwe ka chiopsezo cha sitiroko kotchedwa CHA2DS2-VASc kamene amagwiritsa ntchito. Zaka 65 mpaka 74 ndi pointi imodzi, BP imodzi, shuga imodzi. Bambo ali ndi 3, pamene mwamuna akangofika pa 2 amalangizidwa kuyamba mankhwalawa. Akadzakwanitsa zaka 75 adzakhala ndi 4. Kafukufuku wosiyanasiyana ataphatikizidwa anasonyeza kuti warfarin amachepetsa sitiroko ndi 64 peresenti, pamene asipirini amachepetsa ndi pafupifupi 20 peresenti yokha, chonsecho kwa okalamba nayenso amayambitsa kukha magazi m'mimba. Ndipotu mukawafunse adokotala ngati asipiriniyo akufunikabe, chifukwa kumwa onse awiri kumawonjezera ngozi yotaya magazi.

Sindikubisirani, warfarin ndi wovuta kusamala. Pamafunika kuyezetsa magazi pafupipafupi, muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana wotchedwa INR, umene uyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ukatsika, chitetezo chimachepa. Ukakwera kwambiri, munthu amakha magazi. Ndiwo zamasamba zili ndi vitamini K amene amafooketsa mankhwalawa, koma musawaletse bambo masamba, bola azidya mofanana sabata ndi sabata. Chimene ine ndimaopa kwambiri ndi mankhwala ena ongogula osafunsa. Ibuprofen ndi diclofenac amawonjezera kukha magazi. Metronidazole ndi cotrimoxazole amakweza INR, pamene rifampicin wa TB amaitsitsa. Mowa wambiri nawo umasokoneza. Aliyense wowalembera mankhwala, ngakhale dokotala wa mano, azimuuza kuti ali pa warfarin.

Ngati zoyezetsa magazizo zingawavute, alipo mankhwala atsopano amene anayamba kupezeka cha m'ma 2010: dabigatran, rivaroxaban, apixaban ndi edoxaban. Awa safuna INR, ndipo ngozi ya kukha magazi mu ubongo ndi yocheperapo, pafupifupi theka poyerekeza ndi warfarin. Vuto lake, mphamvu yawo imatha msanga m'thupi, moti kungodumphitsa tsiku limodzi chitetezo chachepa. Mlingo wake umadaliranso mmene impso zikugwirira ntchito. Komanso si a aliyense. Amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima, kapena amene valavu yawo ya mitral (kachitseko ka pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere kwa mtima) inapanikizika chifukwa cha matenda owononga mavalavu otchedwa rheumatic heart disease, ayenera kukhalabe pa warfarin. Mwina n'chifukwa chake adokotala anasankha ameneyu, kafunseni.

Kakamfuno kosachedwa kuleka kapena timagazi potsuka mano sizifukwa zosiyira mankhwala, mungokawauza adokotala. Koma mukaona chimbudzi chakuda bii, mkodzo wofiira, kusanza magazi, mutu wopweteka koopsa mwadzidzidzi, kapena bambo akagwa n'kumenyetsa mutu, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale iwo akunena kuti palibe chavuta. Chimodzimodzinso pakamwa pakapindika, dzanja likafooka kapena mawu akayamba kusamveka. Potuluka m'nyumba musaiwale kunyamula mankhwala awo onse ndi zotsatira za INR yomaliza.