Yankho kwa achemwali amene afunsa za ziliza za Ayuda ku Livingstone

Achemwali, mwati agogo anu aakazi ankanena kuti bambo awo anali Myuda wa sitolo ku Livingstone m'dziko la Zambia, kuti mwajambula ziliza zingapo za kumanda a Ayuda kumeneko, ndipo mukufuna kulemba maina ake mu mndandanda woti enanso azifufuzamo makolo awo. Ntchitoyi ndi yabwino, koma musanayambe lowani kaye pa JewishGen, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo makolo a Ayuda, mufufuze mu JOWBR. Umenewu ndi mndandanda wa maina mamiliyoni ochokera m'manda a Ayuda a m'mayiko ambiri, ndipo amautolera ndi anthu ongodzipereka ngati inuyo. Mwina manda anuwo analembedwa kale, mwina analembedwa theka. Ngati sanalembedwe, iwo ali ndi fomu yawo ya Excel imene mungadzaze n'kutumiza pamodzi ndi zithunzi.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi: musalembe za Chingerezi zokha n'kusiya za Chiheberi chifukwa choti ndi zovuta. Mbali ya Chingerezi imakuuzani kuti munthu anali Harry kapena Louis, maina amene anawatola atafika kuno. Ya Chiheberi imatchula dzina limene anapatsidwa ali khanda, kenako mawu akuti ben ngati ali wamwamuna kapena bat ngati ali wamkazi, kenako dzina la bambo ake. Chiliza chimodzi chikukupatsani mibadwo iwiri. Ayuda ambiri amene anafika ku South Africa, Bulawayo ndi Northern Rhodesia (Zambia ya lero) anachokera ku Lithuania ndi madera oyandikana nako, monga amalonda apachibale Elie ndi Harry Susman a ku Rietavas amene ankagula ng'ombe ku Barotseland, kumadzulo kwa Zambia, kuyambira mu 1901. M'makaundula a ku Lithuania simudzampeza Louis. Mudzapeza Leib mwana wa uje, ndipo popanda dzina la bambo simungamusiyanitse ndi a Leib ena khumi a m'tauni yomweyo. Mndandanda wopanda dzina la bambo, kwa ine, ndi ntchito yogwiridwa theka.

Kuwerengako sikufuna kuti mudziwe chinenero chonse. Zilembo zake ndi 22, zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo ziliza zambiri zimatsata njira imodzi. Pamwamba pamakhala zilembo ziwiri, pe ndi nun, chidule cha mawu akuti pano paikidwa. Pansi pamakhala zilembo zisanu, chidule cha dalitso lochokera pa 1 Samueli 25:29, lonena za moyo womangidwa m'phukusi la amoyo. Zimenezi si maina, musazilembe m'danga la dzina. Ndimaona ena akulemba kuti Rabbi paliponse pamene pali chilembo cha resh patsogolo pa dzina, chonsecho nthawi zambiri chimangoimira Reb, ulemu wamba woperekedwa kwa bambo aliyense. Maina enanso amayenda awiriawiri, la Chiheberi ndi la Chiyidishi (chinenero cha tsiku ndi tsiku cha Ayuda a ku Lithuania ndi madera oyandikana nako): Aryeh Leib, Tzvi Hirsch, Dov Ber, Zeev Wolf. Ameneyo ndi munthu mmodzi, osati awiri.

Pa madeti ndiye pamene ambiri amaterereka. Chaka chimalembedwa ndi zilembo, chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo 5,000 wakutsogolo amangomusiya. Mukaona tav, resh, pe ndi dalet, ndiye kuti 400, 200, 80 ndi 4, pamodzi 684, chomwe ndi chaka cha 5684. Mukawonjezera 1240 pa 684 uja mupeza 1924. Koma chaka chawo chimayamba mu September kapena October, choncho munthu womwalira m'mwezi wa Kislev chaka cha 5684 anamwalira chakumapeto kwa 1923, osati 1924. Tsikunso limayamba dzuwa likalowa. Womwalira Lachiwiri usiku, pa deti la Chiheberi amawerengedwa kuti wamwalira Lachitatu, n'chifukwa chake madeti awiri pa chiliza chimodzi amatha kusiyana ndi tsiku limodzi popanda wolakwitsa. Masiku a 15 ndi 16 amalembedwa ngati 9 ndi 6, komanso 9 ndi 7, popewa zilembo zofanana ndi dzina la Mulungu. Zaka zina zimakhala ndi miyezi iwiri ya Adar. Pa intaneti pali Hebcal yosinthira madeti, igwiritseni ntchito, koma deti la Chiheberi likhale m'danga lake, la Chingerezi m'danga lake, lomwe mwawerengetsa nokha lipite ku ndemanga.

Lamulo lomwelo ligwire pa maina. Chiliza chikati Rabinowitz pamene kaundula akuti Rabinovich, lembani zonse monga zilili, musakonze. Ofufuza pa JewishGen ali ndi njira yotchedwa Daitch-Mokotoff Soundex imene imagwirizanitsa maina omveka mofanana, ndiye kusiyana kwa kalembedwe si vuto lanu. Pamene mwala wakokoloka, lembani kuti sizikuwerengeka. Kungoganizira chilembo chimodzi kukhoza kutumiza banja lonse kukafufuza kholo la eni.

Zizindikiro nazonso muzilembe. Manja awiri otambasula zala ndi a Kohen, a mtundu wa ansembe. Mtsuko wothirira madzi ndi wa Mlevi. Zonse ziwirizi zimadutsa kwa bambo, ndiye zimathandiza kudziwa ngati anthu awiri a dzina limodzi angakhale pachibale. Makandulo nthawi zambiri ndi a mayi, mtengo wothyoka ndi wa munthu wofa ali wamng'ono. Dziwaninso kuti Ayuda a ku Lithuania ankapatsa mwana dzina la wachibale amene anamwalira kale, osati wamoyo, choncho mukaona ana angapo a dzina limodzi obadwa motsatizana, kayang'aneni ngati panali agogo a dzina limenelo amene anatisiya cha m'zaka zimenezo.

Ziliza sizikwanira pazokha. Osauka ndi makanda ena anaikidwa popanda mwala, ndipo mwala umaikidwa patapita miyezi, moti wozokota ankatha kuphonya. Amene amasunga kaundula wa maliro ndi Chevra Kadisha, tinene kuti adzukulu awo, gulu losambitsa ndi kuika maliro. Ya ku Johannesburg inayamba mu 1888. Kwa manda a m'matauni amene Ayuda anachokamo, lemberani a African Jewish Congress. Rabbi Moshe Silberhaft wakhala akuyendera manda otere kum'mwera kwa Africa kwa zaka zambiri. Ku Livingstone komweko, mkati mwa Railway Museum, muli kachipinda kosungiramo mbiri ya Ayuda a m'Zambia. Buku la Zion in Africa la Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro, lotuluka mu 1999, lili ndi maina ambiri a amalonda a nthawi imeneyo. Mukapeza dzina, yesaninso makaundula a Poor Jews' Temporary Shelter ku London, kumene ambiri ankagona podikira sitima yapamadzi yopita ku Cape Town.

Mukabwerera kumandako, pemphani chilolezo, musapite Loweruka kapena Lachisanu dzuwa litalowa, ndipo amuna avale chipewa. Jambulani chiliza chonse, kenako zolembedwa pafupi, ndi kumbuyo komwe, ndipo lembani mzere ndi malo ake. Dzuwa la m'mawa lowomba cham'mbali limatulutsa zilembo zofufutika. Choko ndi bulashi yawaya zimawononga mwala.

Chomaliza ndi chowawa pang'ono. Amalonda amene anabereka ana ndi amayi achikuda kawirikawiri sankawalemba anawo pa chiliza, ndiye musadabwe dzina la agogo anu likapanda kuoneka. Chilizacho chikupatsani dzina lenileni la Myuda wa sitolo uja, bambo ake ndi deti. Ubale wanu ndi iye mukausake m'mafayilo a chuma cha masiye ku National Archives of Zambia ku Lusaka, m'makaundula a ubatizo a mishoni, ndi poyezetsa DNA. Ikani chithunzi chimodzi chooneka bwino pano, tiwerengere limodzi mzere ndi mzere.