Yankho kwa amayi a ku Nkhotakota pa za mafuta oteteza khungu ku dzuwa

Amayi, mwafunsa ngati tinthu ting'onoting'ono ta zinc oxide ndi titanium dioxide topezeka m'mafuta oteteza khungu ku dzuwa tingavulaze mwana wanu wachialubino. Musaleke kumudzoza, chifukwa dzuwa la kuno kunyanja, makamaka mu Okutobala, ndi loopsa kwa iye kuposa mafutawo.

N'zoona kuti tinthuti, tomwe kukula kwake sikupitirira mananomita 100 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), timawononga maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, poyesedwa mu labotale. Zinc oxide ikalowa mu selo imasungunuka n'kutulutsa zinc wochuluka amene amasokoneza mitochondria, mbali ya selo yopanga mphamvu, mpaka selo kufa, pomwe titanium dioxide sasungunuka motero ndipo poizoni wake ndi wocheperapo. Komatu maselo a m'mbale ya labotale alibe chowatchinga, pamene pa khungu lopanda bala tinthuti timangotsalira pamwamba, pa kachikopa kakufa kamene kamafunduka tsiku ndi tsiku.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi kupumira tinthuti m'mapapo. Owotcherera zitsulo zokutidwa ndi zinc amatha kutentha thupi ndi kunjenjemera usiku chifukwa cha utsi wa zinc oxide. Choncho sankhani mafuta odzola ndi manja, osati opopera, ndipo ngati mwana ali ndi chilonda chosapola, kachionetseni kaye kuchipatala.