Mamendulo a agogo a ku Burma: ndiwakweche, ndiwagulitse, kapena nditani nawo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chingale, boma la Zomba. Akuti pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo aamuna, anatsegula thiranki yachitsulo imene sinatsegulidwe kwa zaka zambiri. Pansi pa bulangete anapeza kachitini ka fodya, ndipo m'katimo munali mamendulo anayi, atatu ooneka ngati nyenyezi ndi imodzi yozungulira ngati ndalama. Munalinso kabuku kothetheka ndi chithunzi cha mnyamata wovala yunifomu. Mamendulowo ada, tinsalu take tasuluka. Akufunsa zinthu ziwiri: awawalitse ndi chiyani, komanso alole kapena akane munthu wina wa m'tauni amene akufuna kugula zonsezo pamodzi.

Mayi, choyamba musakweche chilichonse. Ikani pansi phulusa, mchenga, mandimu ndi waya wotsukira mapoto. Ngakhale Brasso, mankhwala aja owalitsira zitsulo, musayandikize. Ndikunena zimene ndinaona ndi maso anga ndili mwana. Azakhali anga, mwa chikondi chokhachokha, anatenga mendulo ya bambo awo n'kuikwecha ndi phulusa pa mwala wotsukirapo mbale kuti ikawale pa tsiku la chikumbutso. Inawaladi, koma nkhope ya mfumu imene inali pamenepo inasalala, zilembo zina zinafufutika, ndipo patangopita miyezi ingapo inadanso kuposa kale. Chitsulo chimene chachoka pokwecha sichibwereranso. Kuda kumene mukuonako si litsiro, ndi khungu limene chitsulo chimadzipangira pakapita zaka, ndipo odziwa za mamendulo amalilemekeza.

Tsopano tione zimene muli nazo, chifukwa mwafotokoza mitundu ya tinsaluto bwino kwambiri. Nyenyezi ya kansalu ka mizere itatu yofanana, wabuluu wakuda, wofiira ndi wabuluu wowala, ndi 1939-1945 Star. Ya kansalu kooneka ngati mchenga kokhala ndi mzere wofiira waukulu pakati ndi Africa Star. Asilikali athu a gulu la King's African Rifles (KAR), pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ankailandira chifukwa cha nkhondo yolimbana ndi Italy ku Somaliland ndi ku Abyssinia (lero Ethiopia), imene inatha pamene mzinda wa Gondar unagwa pa 27 November 1941. Yachitatu, yofiira pakati, m'mbali yabuluu wakuda ndi timizere ta mtundu wa lalanje, ndi Burma Star. Yozungulirayo mukaitembenuza muona mkango utaponda chinjoka. Imeneyo ndi War Medal, ndipo kumaso kwake kuli Mfumu George VI.

Mukaziika pamodzi, zinthu zinayizi zikulongosola ulendo. Mnyamata uja wa pachithunzi anachoka ku Nyasaland, anakamenya nkhondo kumpoto chakum'mawa kwa Africa, kenako anawoloka nyanja yamchere. Gulu lalikulu la asilikali a kuno, 11th East Africa Division, linayamba lakhala ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, lisanalowe mu Burma mu 1944. Kumeneko linatsata asilikali a Japan m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, m'matope ndi m'nkhalango ya malungo, mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu December chaka chomwecho. Ngati agogo anu ankangoti duu mukawafunsa za kunkhondo, kapena ankangonena za mvula yosakata, mwina tsopano mukumvetsa.

Apa pali nkhani imene ndikufuna muigwiritsitse. Yang'anani kumbuyo kwa nyenyezizo ndi m'mphepete mwa yozungulirayo. Ndikukhulupirira kuti simupezapo dzina. Mamendulo a nkhondo yoyamba, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, ankadindidwa dzina, nambala ndi gulu la msilikali. Chimodzimodzinso General Service Medal ya kansalu kapepo ndi kobiriwira imene analandira anzathu amene anatumizidwa ku Malaya pakati pa 1952 ndi 1954. Koma mamendulo ambiri a boma la Britain a nkhondo yachiwiri anatuluka opanda dzina. Burma Star ya agogo anu ndi yofanana ndendende ndi ya msilikali wa ku Kenya kapena wa ku Scotland. Chimene chikuipangitsa kukhala ya agogo anu ndi kabuku kothetheka kaja, chithunzi chija, ndi inuyo amene mukudziwa thiranki imene inatulukamo. Mukazilekanitsa, mendulo imasanduka mwana wamasiye.

Ndiye kabukuko ndi kamene kakufunika chisamaliro choposa zonse. Musakamate ndi selotepi, ndipo musalole aliyense kukalamineta, chifukwa pulasitiki yotenthetsa ija ikagwira pepala sichokanso. Kajambuleni ndi foni tsamba ndi tsamba, panja pamthunzi, kenako tumizani zithunzizo kwa abale angapo kuti zisakhale pa foni imodzi. Lembani padera nambala ya usilikali ndi dzina monga momwe zalembedwera, ngakhale likhale losiyana ndi limene mumalidziwa. Makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba mayina mmene awamvera, ndipo amuna ena ankalembetsa ndi dzina lina. Mukadzafuna kufufuza ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, nambala imeneyo ndiyo poyambira.

Kusamala mamendulo enieniwo si ntchito yovuta. Sambani m'manja n'kuumitsa, agwireni m'mphepete, ndipo fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kapena kansalu ka thonje kouma. Mukaona timadontho tobiriwira tooneka ngati ufa pa nyenyezizo, chimenecho ndi chinyezi chikudya mkuwa. Ipatuleni nyenyeziyo, iikeni pouma, ndipo musaipale ndi mpeni. Mendulo iliyonse ikulungeni payokha m'kansalu koyera ka thonje kuti zisamakhulane. Kachitini ka fodya kasungeni ndithu, chifukwa nako ndi mbali ya nkhaniyi, koma mamendulo asabwereremo popeza kamachita dzimbiri. Jumbo nayonso ayi, imasunga thukuta. Timapaketi tija topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano timayamwa chinyezi, ponyanimo tiwiri kapena titatu. Bokosilo lisakhale pansi kapena moyedzamira khoma limene limanyowa m'dzinja, ndipo muzilitsegula kawirikawiri kuona ngati chiswe ndi njenjete sizinalowemo.

Tinsaluto musatichape. Utoto wake umasungunuka, ulusi wakale umaduka. Tinsalu tatsopano timapezeka, koma takaleto ndi timene tinakhudza chifuwa cha mwini wake, choncho ngakhale mutagula tina, ito musataye. Ngati mukufuna kuwapachika m'felemu pabalaza, sankhani khoma limene dzuwa silifika, ndipo asokereni pa nsalu ndi ulusi, osati guluu. Ndondomeko yake ndi iyi: 1939-1945 Star, Africa Star, Burma Star, kenako War Medal.

Za wogulayo. Sindikuweruzani, chifukwa ndikudziwa mmene fizi ndi feteleza zimafinyira. Mamendulowo ndi a banja lanu. Koma dziwani kuti mamendulo a nkhondo yachiwiri anapangidwa ochuluka zedi, kotero paokha si a ndalama zambiri ayi. N'chifukwa chake munthuyo akuti agule zonse pamodzi. Iye akudziwa kuti mapepala ndi chithunzi ndizo zimakweza mtengo, makamaka popeza mamendulo a msilikali wa chikuda okhala ndi umboni wokwanira sapezekapezeka. Ndalama imene angakupatseni idzatha mwezi usanathe, pamene zinthuzo zikadutsa pa bwalo la ndege simudzazionanso. Ine maganizo anga ndi oti mukane. Ngati kusunga kukuvutani, kambiranani kaye ndi abale onse, makamaka malume ndi azakhali, chifukwa katundu wa malemu wogulitsidwa mobisa amadanitsa mtundu. Muthanso kulankhula ndi a nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri.

Pali ntchito ina yofulumira kuposa zonsezi. Mwalemba kuti mlongo wawo wa agogowo adakali moyo, ngakhale maso achita mdima. Pitani sabata ino. Aikireni Burma Star m'manja, tsegulani chojambulira mawu pa foni, muwafunse tsiku limene mlongo wawo anachoka pamudzi, amene anabwera kudzalemba anyamata, nyimbo zimene ankaimba atabwerako, ndi mayina a anzake amene sanabwerere. Musawadule mawu, ngakhale asochere n'kuyamba kukamba za njala ya 1949.

Ndipo popeza muli pafupi, mwezi wa November pitani ku chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba, pa Lamulungu la chikumbutso. Mwambo umalola wachibale kuvala mamendulo a malemu, koma kudzanja lamanja la chifuwa. Kumanzere n'kwa mwini wake amene anawagwirira ntchito. Mukawavala, muwamangirire bwino ndi pini ziwiri, chifukwa tinsalu takale sitichedwa kuthothoka.