Chingerezi cha pa pulani chisamubweze mwana wanu

Mayi wina wa ku Chinamwali watilembera za mwana wawo wamwamuna amene analemba MSCE chaka chatha. Mnyamatayu wakhala akuthandiza amalume ake kumanga nyumba ku Matawale ndipo mtima wake uli pa zomangamanga, koma kapitawo atamupatsa pulani kuti awerenge, anabwera kunyumba atagwa mphwayi. Akuti mawu ake sakuwamva ngakhale Chingerezi anakhoza bwino. Mayiwa akufunsa ngati nkwabwino kuti asankhe ntchito ina.

Mayi, asasinthe maganizo. Chingerezi cha pa pulani sichiphunzitsidwa ku sekondale, ndipo ngakhale munthu wa digiri wochokera ku Chanco mutamufunsa kuti soffit nchiyani akhoza kungokanda m'mutu. Komatu soffit ndi kunsi kwa denga kumene kwatulukira kunja kwa khoma, malo amene mwana wanu wawayang'ana kambirimbiri ali pa makwerero. Zinthuzo akuzidziwa kale ndi manja, chatsala ndi mayina ake.

Choncho asaloweze mawu kuchokera mu dikishonale. Atenge kope laling'ono, azipita nalo kuntchito. Akamva mawu atsopano, apemphe amalume ake amulozere chinthucho, achigwire, achijambule, kenako alembe dzina pambali. Purlin ndi thabwa lopingasa limene timakhomererapo malata. Wall plate ndi thabwa logona pamwamba pa khoma, pamene denga limakhazikika. DPC ndi pulasitiki yakuda ija yoyalidwa pa njerwa pafupifupi mamilimita 150 kuchokera pansi, kuti chinyezi chisakwere khoma. Mukaona nyumba ikusuwa penti m'munsi nthawi ya dzinja, nthawi zambiri ndiye kuti wina anadumpha zilembo zitatuzi.

Kuno ku Zomba, mawu amene ndikufuna awagwiritsitse ndi weep holes. Timamanga m'mphepete mwa phiri, mvula imagwa yambiri, ndipo makoma otchinga dothi ali ponseponse. Weep holes ndi timabowo tosiyidwa dala m'munsi mwa khoma lotere kuti madzi azituluka. Mmisiri wosadziwa amatitseka ndi simenti poganiza kuti akukongoletsa, madzi nkudzadza kuseri, khoma nkuyamba kupendekeka. Zimandipweteka mtima, chifukwa kunsi kwa khomalo kumakhala nyumba ya munthu.

Mawu osowa kwambiri aja, monga quoin, miyala kapena njerwa za pa ngodya, ndi corbel, njerwa zotulukira kunja kuti zinyamule katundu wa pamwamba, asamusowetse tulo. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo. Loweruka lina ayende wapansi cha ku nyumba ya malamulo yakale, aziyang'ana makoma ndi makonde, aone kuti ndi zingati angazitchule dzina.

Chimene chimawonongetsa ndalama kwenikweni ndi manambala. Miyeso ya pa pulani imalembedwa m'mamilimita, kotero 3000 ndi mamita atatu. Sikelo ya 1:100 ikutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ndi mita imodzi pansi. Konkire ya 1:2:4 ndi muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Aziyeserera zimenezi madzulo aliwonse ndi pulani yakale.

Za sukulu, Nasawa Technical College ili m'boma lathu lomwe lino, ndipo TEVETA imalengeza nthawi yolembera malo m'makoleji a ntchito zamanja. Azitchera khutu ku wailesi ndi kuyang'ana m'nyuzipepala. Ngati anakhoza bwino masamu ndi sayansi ndipo akufuna kukhala wojambula mapulani, yunivesite ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa architecture. Podikira, apemphe kapitawo uja amubwereke pulani yomwe inamugwetsa mphwayi ija, adule mzere kunsi kwa mawu onse achilendo, ndipo mawa lake akawafunse pa khoma pomwepo, asanu okha pa tsiku.