Ndingasinthe magalasi opukusa kukhala amagetsi?

Funso: Akulu, ndili ndi Nissan NP200 yomwe ndinagula ku Johannesburg, ndimanyamulira tomato ndi mbatata kupita ku Lilongwe. Magalasi ake ndi opukusa ndi dzanja, ndiye pa rodibuloko wapolisi akaima mbali inayo ndimachita kugona pampando kuti nditsitse galasi, ndatopa nazo. Kodi zingatheke kuika amagetsi? Wowerenga wa ku Dedza

Yankho: Achimwene, zimatheka ndithu, ndipo inu muli ndi mwayi poti zitseko ndi ziwiri zokha. Njira zilipo ziwiri koma ine ndingakulimbikitseni imodzi.

Yoyamba, yomwe ndikukulimbikitsaniyo, ndi iyi: pitani kwa ogulitsa masipeya a sikilapu, ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande mukakhala ku Blantyre, mukafufuze chitseko cha NP200 inzake yomwe inabwera ndi magalasi amagetsi. Chomwe mukufuna ndi regulator, kachitsulo kamene kamakweza ndi kutsitsa galasi mkati mwa chitseko, pamodzi ndi mota yake, maswitchi ndi mapulagi ake asanadulidwe. Musanalipire auzeni ayike mota pa batire muone ikuzungulira mbali zonse ziwiri, osangomva zoti "iyi ndi yamoyo bwana". Ya galimoto yofanana nthawi zambiri imalowa m'mabowo omwe alipo kale, palibe zowotcherera.

Njira inayo ndi ma universal kit, zida zopangidwa kuti zizilowa pa magalimoto osiyanasiyana, mota yake imagwira pomwe panali chopukusira nkumapukusa m'malo mwa dzanja lanu. Imagwira ntchito, inde, koma imayenda pang'onopang'ono ndipo timano take tambiri ndi tapulasitiki, galasi likamalimba timatha msanga.

Pomwe anthu amapsa ndi pa mawaya. Iyi ndi ntchito ya wamagetsi a galimoto, osati makaniko aliyense wa pansi pa mtengo. Mota ya galasi ndi ya 12 volts koma ikafika pamapeto kapena galasi likakakamira imakoka moto wambiri, ndiye waya akhale wokhuthala, achokere ku batire kudzera pa fyuzi yakeyake ya 20 kapena 30 amps, ndi rileyi, kaswitchi koyendera magetsi, yoti izilola moto kudutsa mukayatsa kiyi basi. Mukaona munthu akulumikiza pa waya wa wailesi nkumata ndi selotepu, muletseni pompo, galimoto zimapsa choncho. Mawaya opita kuchitseko adutse mu labala yapakati pa chitseko ndi bodi, chifukwa akangodutsa pachitsulo chosaphimba amasupuka ndi kutsegula kwa tsiku ndi tsiku mpaka shoti.

Kanthu kena komwe ambiri amakanyoza: mukachotsa chikuto cha chitseko mupeza pepala la pulasitiki lomatidwa, musalitaye, ndi lomwe limatchinga madzi amvula kuti asafike ku chikuto ndi maswitchi. Ndipo poti mumayenda m'misewu yafumbi ya kumunda, tsukani malabala omwe galasi limayendamo nkupopera silicone spray, mankhwala otereretsa. Girisi kapena oyilo ayi, amenewo amagwira fumbi nkusanduka phala, mota nkumavutika.

Ngati mumakwezako ana, dziwani kuti zoikirira chonchi nthawi zambiri sizimaima zokha zikapana dzanja. Zopukusira zakalezo ndi ma regulator ake musagulitse, zisungeni penapake, mota ikadzafa nthawi ya dzinja galasi lili pansi mudzazifuna.