Ndiwonjezere gitala yotani?

Funso: Akonzi, ndili ndi magitala awiri osalira magetsi ndipo ndimaimbira kwaya. Ndiwonjezere bass kapena lead? Wowerenga, Kapata, Chipata.

Yankho: Achimwene, tengani bass. Magitala muli nawowo akukwanitsa kale mawu apamwamba, chikusowa ndi mawu apansi. Ya nsambo 4 (E, A, D, G) ikukwanirani.

Musanalipire, yang'anani khosi lake kuchokera kumutu ngati mukuona thabwa. Lopindika lisiyeni, kaya mtengo utsike bwanji. Pa fret ya 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pakhosipo), mpata wa pakati pa nsambo ndi fret usapitirire mamilimita 3, apo ayi zala zidzalira. Mukailumikiza ku amp (chokuzira mawu), pokonyolani timabatani tonse muli kumvetsera: kukhwekhwereza ndiye kuti mkati muli fumbi kapena waya wamasuka.

Musungenso ndalama ya amp yakeyake. Pa amp ya lead, bass ikhoza kung'amba sipika.